Andisamutsira ku Makanjira koma a jimu akundidulabe ndalama

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Mangochi:

"Ndine namwino. Mu February ndinalembetsa ku jimu ina pa boma pano. Anandiuza kuti wolipira mwezi ndi mwezi amapereka K40,000, koma ndikasainira chaka chonse ndizipereka K30,000, ndipo ndalamazo zizidulidwa ku banki pa standing order. Kumapeto kwa May kuntchito anandisamutsira ku Makanjira. Ndinamuuza mnyamata wa pa kauntala, iye anati palibe vuto, awauza abwana. Koma June ndi July andidulabe. Nditawaimbira eni ake anati ndinasaina ndekha, ndipo pa fomu pali mawu akuti wosiya chaka chisanathe alipire miyezi yonse yotsala, komanso ndalama zolipidwa kale sizibwezedwa. Akuti ndikaimitsa standing order akandinenera kupolisi. Achimwene anga a ku Joni akuti lamulo limalola kupereka notisi ya masiku 20 n'kuchoka. Zoona zake n'ziti?"

Mayi, ndiyambe ndi za apolisi poti ndi zimene zikukusowetsani tulo, ngakhale pa nkhani yonseyi ndi zimene zili zopepuka. Ndime 19 ya Malamulo Oyendetsera Dziko lino imanena mosapsatira kuti munthu asatsekeredwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa zimene analonjeza pa mgwirizano. Ndalama za jimu, zikhale zoona kuti muli nazo ngongole kapena ayi, ndi nkhani ya anthu awiri amene asemphana pa pepala, ndipo yoweruza ndi khothi. Zikanakhala zina mukanakhala kuti munawaonetsa uthenga wabodza wa Airtel Money kapena Mpamba wonamizira kuti mwalipira, chifukwa chimenecho n'chinyengo. Inu simunatero. Eni mabizinesi ambiri amatchula polisi podziwa kuti wogwira ntchito m'boma amaopa dzina lake kumveka kumeneko. Akakuitanani ndithu, pitani mwaulemu ndi mapepala anu, fotokozani kuti ndi mkangano wa kontrakiti, ndipo musasaine kalikonse kovomera ngongole muli pa benchi ya ku polisi. Pepala lotero ndi limene lingadzakupwetekeni mtsogolo kuposa fomu imene munasaina mu February.

Tsono musaganize kuti poti eni akewo alakwa pa za apolisi ndiye kuti alakwa pa zonse. Akamati munasaina nokha, akunena chinthu chimene makhothi amachilemekeza kwambiri. Malamulo athu a migwirizano, mbali yaikulu, anachokera ku England kuyambira mu 1902, ndipo mlandu umene wophunzira zamalamulo aliyense amakumana nawo ndi wa L'Estrange ndi Graucob wa mu 1934. Mayi wina wogulitsa zakudya ku Wales anagula makina ogulitsira ndudu, n'kusaina pepala la zilembo zing'onozing'ono osaliwerenga. Makinawo sanagwire ntchito bwino, koma pa pepalapo panali mawu oteteza wogulitsa, ndipo khothi linati wasaina wamangika, kaya anawerenga kaya sanawerenge, pokhapokha ngati ananamizidwa. Choncho mawu akuti "sindinawerenge" musakayambe nawo. Sakuthandizani.

Chachiwiri chimene ambiri chimawagwetsa n'chakuti kusiya kupita ku jimu sikuthetsa mgwirizano. Zili ngati kusamuka m'nyumba ya lendi usiku, kiyi ali m'thumba, osawauza eni nyumba: lendi imawerengedwabe. Chimene munagula si masiku amene mwathamanga pa makina aja kapena kunyamula zitsulo, koma ufulu wolowa pakhomo paja nthawi iliyonse atsegula. Ufuluwo unalipobe mu June ndi July.

Nanga zija munamuuza mnyamata wa pa kauntala? Apa pali pogwira, koma pamafunika umboni. Ngati mnyamatayo ndi amene amalembetsa anthu, kulandira ndalama ndi kupereka malisiti, munali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti kumuuza iye n'kuuza jimu, ndipo yankho lake lakuti palibe vuto ndi limene linakuchititsani kukhala phee miyezi iwiri. Bizinesi singaike munthu pa kauntala kuti aziilankhulira polandira ndalama, kenako n'kumukana pamene walandira uthenga wosasangalatsa. Vuto lake ndi lakuti mnyamatayo amadya za abwana akewo, ndipo tsiku lofunsidwa akhoza kuiwala. Fufuzani mu foni yanu. Ngati munamulemberako pa WhatsApp, ngakhale mawu ochepa akuti mwanyamuka, kapena iye anakufunirani ulendo wabwino, sungani uthengawo ndipo ujambuleni tsiku ndi nambala zikuoneka. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limalola mauthenga a pa foni ndi pa intaneti kukhala umboni. Ngati munali ndi mnzanu tsiku limenelo, mukumbutseni lero zisanazilale. Kalata yokusamutsani ya kuntchito ili ndi deti lake, ndipo buku losainira pakhomo la jimu, ngati ali nalo, lionetsa tsiku lomaliza kupondako. Onaninso pa fomupo ngati pali mawu akuti notisi ikhale yolemba. Akakhalapo, zonena pakamwa zija zimachepa mphamvu, ngakhale sizifa kotheratu poti wantchito wawo yemwe sanakuuzeni kuti mulembe.

Achimwene anu sakunama, koma akunena lamulo la dziko la eni. Ku South Africa kuli Consumer Protection Act ya 2008, imene inayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo ndime 14 imalola wogula kuthetsa mgwirizano wa nthawi yoikika popereka notisi yolemba ya masiku 20 ogwira ntchito. Ngakhale kumeneko munthu sachoka ulere, wabizinesi amaloledwa kulipitsa ndalama yoyenerera ya kuthetsako. Lamulo limeneli limathera pa Beitbridge. Kuno ku Mangochi, komwe pafupifupi banja lililonse lili ndi wake ku Joni, malangizo amenewa amamveka kawirikawiri, ndipo munthu akakawatchula pamaso pa majisitireti amangochita manyazi. Musalembe za masiku 20 m'kalata yanu ngati lamulo.

Athu ndi awa. Pali Consumer Protection Act ya 2003, imene imakamba za mafomu olembedweratu amene wogula sapatsidwa mpata wokambirana, ngati yanuyi. Imafuna kuti zilembo zake zikhale zowerengeka, kuti wosatha kuwerenga amuwerengere ndi kumufotokozera, ndipo imapatsa khothi mphamvu yopepuza wogula pa mgwirizano wopondereza. Palinso Competition and Fair Trading Act yatsopano imene inayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024 m'malo mwa ya 1998. Kusintha kwake n'kofunika kwa inu. Kale bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene ambiri amangoti CFTC, linkalipitsa makampani chindapusa mpaka khothi lalikulu linagamula mu 2023 kuti lamulo lakale silinalipatse mphamvu imeneyo. Lamulo latsopano linapereka mphamvuyo poyera: bungweli likhoza kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama, ndipo kampani ikhoza kulipitsidwa mpaka 10 peresenti ya ndalama zimene imapeza pa chaka. Kuika mawu opondereza mu mgwirizano wa wogula ndi chimodzi mwa zinthu zimene lamuloli limaletsa.

Ndiye funso lenileni ndi ili: kodi mawu akuti wosiya alipire miyezi yonse yotsala ndi opondereza? Maganizo anga ndi akuti inde, pa nkhani ngati yanu, koma ndikufuna mumve mbali zonse ziwiri chifukwa eni jimu akapeza loya wabwino sadzakhala chete.

Mbali yanu yaima pa mfundo yakale ya malamulo a migwirizano, imene inakhazikika pa mlandu wa kampani ya matayala ya Dunlop mu 1915: ndalama imene mgwirizano ukunena kuti wophwanya alipire iyenera kuyenderana ndi zimene winayo angataye. Ikakhala chikwapu chongoopsezera kuti munthu asayerekeze kuchoka, khothi siliikakamiza. Eni jimu adzayankha kuti iyi si ndalama ya chilango, ndi mtengo wa chinthu chimene munagula, chaka chathunthu cha K360,000, anangokukomerani mtima kuti muzipereka pang'onopang'ono. Yankho limeneli si lachibwana, ndipo pali oweruza amene angalimvere.

Nkhani yofanana kwambiri ndi yanu inaweruzidwa ku England mu 2011, pamene ofesi yoona za malonda achilungamo kumeneko, Office of Fair Trading, inasumira kampani ya Ashbourne Management Services imene inkalembera majimu ambirimbiri makontrakiti ndi kuwatolerera ndalama. Khothi linapeza kuti kumanga munthu zaka ziwiri kapena zitatu n'kupondereza, ndipo ngakhale chaka chimodzi n'kupondereza ngati mgwirizanowo sukupereka khomo lotulukira kwa munthu amene wadwala, ntchito yamuthera kapena wasamukira kutali. Woweruza anaona kuti bizinesi yotere imadyera pa chizolowezi cha anthu choganiza kuti azipita ku jimu kawirikawiri kuposa mmene adzapitire. Chigamulocho chinachokera pa malamulo a kumeneko ndipo sichimanga khothi la ku Malawi, koma maganizo ake ndi oti mukhoza kuwabwereka pofotokoza chifukwa chake fomu yopanda khomo lotulukira kwa wosamutsidwa ndi ntchito ili yolemera mbali imodzi. Inu simunatope ndi jimu. Boma lakutumizani mtunda wa makilomita pafupifupi 100, pa msewu umene aliyense wa kuno amaudziwa mmene umakhalira mvula ikayamba.

Musapitirire malire n'kunena kuti kusamutsidwako kwathetsa mgwirizano pakokha. Lamulo limamasula anthu pamene chinthu chosayembekezeka chachititsa kuti mgwirizano usathekenso konse, monga nyumba ya jimu itapsa. Jimu yanu ilipo ndipo ndi yotsegula, chasintha ndi moyo wanu. Kusamukako ndi chifukwa champhamvu chopemphera kuti mumasulidwe mwachilungamo, osati chikalata chokumasulani. Amene amatuluka mosavuta ndi uja amene jimu ndiyo yayamba kuphwanya lonjezo: makina othamangirapo afa miyezi osakonzedwa, mphunzitsi amene analonjezedwa kulibe, asamukira kwina, akweza mtengo pakati pa chaka pamene fomu sikuloleza, kapena anatsatsa maola a amayi okhaokha kenako n'kuwachotsa. Chomalizachi kuno si chaching'ono, amayi ambiri achisilamu amalembetsa chifukwa cha maola amenewo basi. Ngati china mwa izi chinachitika muli komweko, chilembeni m'kalata ndi madeti ake. Ngati sichinachitike, musapeke.

Mawu akuti ndalama zolipidwa sizibwezedwa nawonso ali ndi malire. CFTC yakhala ikuchenjeza eni mashopu za zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, chifukwa wamalonda sangadzichotsere yekha udindo pa katundu woipa kapena ntchito yosalongosoka. Koma zimenezi sizitanthauza kuti mwezi uliwonse umene munthu sanapite ku jimu abwezeredwe. February mpaka May musaitchule n'komwe. Yokambirana ndi K60,000 ya June ndi July.

Tiyeni tiwerengere, chifukwa mikangano yotere imatha msanga pamene mmodzi waika nambala yomveka pa tebulo. Eni jimu akufuna miyezi isanu ndi umodzi yotsala, August mpaka January, K180,000, kuwonjezera pa K60,000 imene atenga kale inu kulibe. Nanga chimene ataya chenicheni n'chiyani? Anakuchotserani K10,000 pa mwezi chifukwa munalonjeza chaka. Mwakhala miyezi inayi, choncho mwadya kuchotsera kwa K40,000 kumene wolipira mwezi ndi mwezi sakanakupeza. Ndi chilungamo kuti imeneyo ibwerere kwa iwo. Onjezanipo mwezi umodzi wa notisi, K30,000, kuti apeze nthawi yosaka wina. Zonse pamodzi K70,000. Atenga kale K60,000. Kusiyana kwake ndi K10,000. Mukhoza kupempha kuti nkhani ithere pomwepo aliyense asapereke kanthu, ndipo akakakamira, K10,000 imeneyo ndi mtengo wabwino wogulira mtendere. Ndikudziwa kuti mumayembekeza kumva kuti K60,000 yonse ibwerera. Mukakhala ndi uthenga wolembedwa wotsimikiza kuti anavomera kukumasulani mu May, ifunseni yonse, kapena ya July yokha. Popanda umboni wotero, ine sindingakulimbikitseni kuthera ndalama za thiransipoti kuchokera ku Makanjira kuithamangitsa.

Ndinenepo pang'ono za eni akewo, kuti mukamalankhula nawo mudziwe chimene chikuwawawa. Jimu ya pa boma ngati Mangochi si kampani yaikulu. Zitsulo ndi makina amagula kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera. Lendi, magetsi ndi malipiro a mphunzitsi sizitsika chifukwa membala mmodzi wachoka. Anthu amadzaza mu January, pofika nyengo yozizira atha, mwezi wa Ramadan ena amapuma, ndipo kutentha kwa October kumathamangitsa otsalawo. Kontrakiti ya chaka ndi njira yawo yodzitetezera. Chimene ndimadana nacho n'chakuti mafomu ambiri otere amangokoperedwa pa intaneti, kutenga ndime zokhwima za makampani akuluakulu akunja n'kusiya ndime zimene makampani omwewo amaikamo zomasula wodwala ndi wosamuka. Mwini jimu wanzeru amadziwa kuti namwino mmodzi wochoka mokondwa amamutumizira anzake atatu a pa chipatala, ndipo mfundo imeneyi mukhoza kuwakumbutsa mwaulemu. Ngati pali mnzanu wa kuntchito amene angafune kutenga miyezi yotsalayo pa K30,000, mutchuleni. Eni jimu sataya kalikonse pamenepo, ndipo akakana zidzaoneka kwa aliyense woweruza kuti chimene akufuna si kubwezeredwa zotayika.

Chochita choyamba ndi kalata, ndipo ilembedwe sabata ino deti lodula la August lisanafike. Ikhale ya tsamba limodzi, yopanda ukali. Nenani tsiku limene munasaina, tsiku limene munauza wa pa kauntala ndi zimene anayankha, kuti mwasamutsidwa ndi ntchito ndipo kope la kalata yokusamutsani mwaphatikiza, kuti mukuthetsa umembala kuyambira tsiku lakuti, ndipo ikani kuwerengera kuja monga momwe ndakuonetserani. Nenaninso kuti mukuimitsa standing order, ndipo apatseni masiku 14 oti ayankhe molemba. Musalembe kuti mukuvomera ngongole ya miyezi yotsala, lembani kuti mukupereka maganizo othetsera mkangano. Pangani makope awiri, wina amene mumamukhulupirira akapereke pamanja ndipo wolandira asaine ndi kulemba deti pa kope lanu. Akakana kusaina, wopereka uja alembe yekha tsiku, nthawi ndi amene anamupatsa. Ijambuleni kalatayo muitumizenso pa WhatsApp ya eni ake. Ngati fomu imene munasaina anaisunga okha osakupatsani yanu, ipempheni m'kalata yomweyo.

Kalata ikapita, imitsani standing order. Limeneli ndi lamulo lanu kwa banki yanu, ndipo eni jimu alibe mawu pa akaunti yanu. Lembani ku banki, sungani kope lodindidwa. Ndalama zimene zinapita kale banki siingazibweze chifukwa inkatsata zimene munailamula, koma ikadzadulanso mutaimitsa molemba, mlandu ndi wa banki: dandaulani kwa iwo, ndipo akapanda kukonza pitani kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Dziwani chabe kuti kuimitsa standing order kumatseka mpopi, sikufafaniza mkangano. N'chifukwa chake ndikuti kalata itsogole. Woimitsa mwakachetechete amaoneka ngati wothawa ngongole, woimitsa atalemba amaoneka ngati munthu amene akutsutsa ndalama imene akuuzidwa.

Za pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, dzigwireni. Kulemba kuti eni jimu yakuti ndi akuba kukhoza kukubweretserani mlandu woipitsa mbiri, waukulu kuposa K180,000, ndipo Mangochi ndi tauni yaing'ono. Mukagwirizana chilichonse, chilembedwe kuti nkhani yatha ndipo palibe wotsala ndi ngongole, onse awiri musaine. Ndalama iliyonse yopereka ikhale ndi lisiti kapena idutse pa foni pomwe pamatsala umboni.

Masiku 14 akatha osayankha, kapena akapitiriza kuopseza, tumizani dandaulo ku CFTC. Kudandaula kumeneko n'kwaulere, ndipo simufunika loya. Phatikizani fomu, kalata yanu, sitetimenti ya ku banki yoonetsa June ndi July, ndi mauthenga oopseza aja ngati analemba. Iwo amalembera wabizinesi kuti ayankhe, ndipo nthawi zambiri kalata yochokera ku bungwe la boma imafewetsa munthu amene pa foni amalankhula mokweza. Musayembekeze yankho la mawa, madandaulo amatenga nthawi. Bungwe la Consumers Association of Malawi, limene mkulu wake John Kapito amamveka pa wailesi kawirikawiri, lilibe mphamvu yolamula koma limalangiza ndi kulankhulira ogula. Wosowa ndalama ya loya akhoza kufunsa thandizo ku Legal Aid Bureau.

Njira yokhayo ya lamulo imene eni jimu ali nayo yotengera K180,000 kwa inu ndi kukasuma ku khothi la majisitireti. Sangatenge katundu wanu, sangauze akuntchito kuti akuduleni pa malipiro, popanda chigamulo cha khothi. Ambiri safika kumeneko, chifukwa ayenera kulipira kusuma, kukufikitsirani chisamani ku Makanjira, ndi kukaima pamaso pa woweruza kufotokoza chifukwa chake akufuna ndalama ya miyezi isanu ndi umodzi kwa munthu amene anawauza kuti wasamutsidwa ndipo anapereka njira yomveka yothetsera nkhani. Komabe lamulo limawapatsa zaka 6 zosumira pa nkhani ya mgwirizano, choncho mapepala onsewa musawataye chaka chikatha. Chisamani chikabwera, musachiike pansi pa matiresi poganiza kuti muli kutali. Wosayankha amagamulidwa iye kulibe, ndipo pamenepo K180,000 imasanduka ngongole yeniyeni yokhala ndi ndalama za khothi pamwamba. Yankhani m'masiku olembedwa pa chisamanicho, ndipo tsiku la mlandu likagundana ndi ntchito, lemberani kalaliki wa khothi nthawi ikadalipo kupempha tsiku lina, mutaphatikiza ndandanda wa mashifiti anu wosainidwa ndi oyang'anira chipatala.